Mvukuto wa M'galimoto

Munthu amene adaimapo m'mbali mwa msewu wochokera ku Nkhata Bay nthawi ya m'mawa, nkhungu isanachoke pa mitengo ya Kaning'ina, adziwa kuti magalimoto okwera mtunda umenewo salira mofanana. Ena amabuula ngati ng'ombe yolemedwa ndi ngolo, nafika pamwamba ali wefuwefu, utsi uli tolotolo kumbuyo. Koma ena, ngakhale atasenza katundu wolingana ndi wa anzawo, amakwera mopepuka, ndipo pansi pa mkokomo wa injini pamamveka kamluzu kosalala, kamene kamakwera woyendetsa akaponda moto, nikatsika iye akasintha giya. Kamluzu kameneko ndiko mawu a chipangizo chimene amakaniko amachitcha turbo, ndipo kalowa m'mitima ya anyamata ambiri a mumzinda wa Mzuzu, kotero kuti amene galimoto yake ilibe turbo amalakalaka ataiika, pomwe amene ali nayo kale sagona tulo, kulingalira za tsiku limene adzachotse yaing'onoyo ndi kumangapo yaikulu.

Mmodzi wa osagona tulowo adali mwana wa mlongo wanga, amene atagwira ntchito zaka zingapo ku Johannesburg, monga achitira anyamata ambiri a chigawo chino, adabwerera kwathu naitanitsa Subaru Impreza WRX yakale kuchokera ku Japan. Isanathe miyezi itatu galimotoyo ili m'manja mwake, adadza kwa ine madzulo ena atanyamula katoni, naitsegula pakhonde mwaulemu wonga wa mkamwini wodzapereka mphatso kwa apongozi; ndipo m'katimo mudali turbo yatsopano, yonyezimira, yaikulu ngati dzungu, imene mnzake adamtumizira pa basi. "Amalume," adatero, "ichi chikangolowa, palibe amene adzandipitirire pa Chikangawa." Ine sindine mmisiri wa magalimoto, koma popeza kwathu mwana wa mlongo ndi mbumba ya malume, ndipo safunsa adadya phula, ndidamtengera kwa mkulu wina wa galaja ku Luwinga, munthu amene imvi zake zidamera ali pansi pa magalimoto. Zimene ndidamva kumeneko, pamodzi ndi zimene ndidafunafuna pambuyo pake, ndizo ndadza nazo pabwalo lino.

Tiyambire kwa osula, pakuti nzeru ya turbo si yachilendo kwa ife monga dzina lake limvekera. Makolo athu, makamaka Aphoka a m'mapiri a Rumphi, amene ng'anjo zawo zosungunulira chitsulo zikuonekabe ku Nyika, ankadziwa kuti makala, angakhale a mtengo wabwino chotani, sangafewetse khasu akapanda kupatsidwa mpweya; n'chifukwa chake pambali pa wosula pankakhala mnyamata wovukuta mvukuto wa chikopa cha mbuzi, ndipo moto unkakalipa molingana ndi manja ake. Injini ya galimoto nayo ndi ng'anjo, kungoti moto wake umayaka m'tizipinda totsekeka totchedwa masilinda, mmene mafuta ndi mpweya zimapsera pamodzi ndi kukankha pisitoni. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino, imafuna makilogalamu a mpweya pafupifupi 15. Kuthira mafuta ochuluka n'kosavuta, mwana aliyense angathe. Chosowa ndi mpweya. Injini ya malita awiri, ikamazungulira maulendo 6,000 pa mphindi, imameza mpweya wokwana malita pafupifupi 6,000, ndiwo migolo 30 ya malita 200 pa mphindi imodzi yokha, ndipo kupyola pamenepo mphuno zake sizingakoke, ngakhale mwini wake aponde moto mpaka phazi lifike pansi.

Apa m'pamene malo athu alowera m'nkhaniyi. Mzinda wa Mzuzu, umene udaphuka pa esiteti ya mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940 nulandira ulemu wa mzinda mu 1985, uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe madzi a nyanja yathu ku Nkhata Bay ali pa mamita osafika 500. Ndipo popeza mpweya umapepuka munthu akamakwera, lita imodzi ya mpweya wa pa Katoto ili ndi okosijeni wochepa poyerekeza ndi lita imodzi ya ku Dar es Salaam. Amayi ophika nyemba akudziwa kale mbali ina ya chinsinsichi, pakuti madzi kuno amawira pa madigiri 96 m'malo mwa 100. Akatswiri amawerengera kuti injini yopanda turbo imataya gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu yake pa mamita 100 aliwonse amene yakwera. Motero galimoto yotsika m'sitima ili ndi mphamvu ya akavalo 100 imafika ku Mzuzu itatsala ndi 88 kapena chapompo, ndipo ikakwera ku Nyika, kumene dziko limapitirira mamita 2,000, imatsala ndi 80. Eni magalimoto ambiri amadandaula kuti adagulitsidwa injini yotopa, pomwe injiniyo ili bwinobwino, yangosowa chopuma.

Turbo imatola chimene injini idataya. Pa mphamvu yonse imene ili m'mafuta, gawo limodzi mwa magawo atatu limatuluka ndi utsi wotentha wa ku ekizozi osagwira ntchito iliyonse. Tsono amisiri adaumba zigoba ziwiri zachitsulo zonga za nkhono, naziika chofulatirana, m'chigoba chilichonse muli kagudumu ka mapiko, ndipo tigudumu tiwirito n'tolumikizidwa ndi kashafiti kamodzi. Utsi wothamanga umalowa m'chigoba choyamba nuzungulitsa kagudumu kake, monga madzi a mtsinje wa Wovwe azungulitsa makina opangira magetsi ku Karonga. Kagudumu kachiwiri, pozungulira limodzi ndi kanzake, kamakoka mpweya wakunja, kuupanikiza, ndi kuukankhira m'masilinda. Ndi mvukuto wodzivukuta wokha ndi utsi wa moto umene ukuukoleza. Liwiro lake n'lovuta kuliganizira, chifukwa kashafitiko kamazungulira maulendo opitirira 150,000 pa mphindi, ndipo m'maturbo ang'onoang'ono kamapyola 200,000. Kupanikizika kwa mpweyawo amakutcha boost, ndipo amakuyeza ndi muyeso wa bar. Bar imodzi ya boost imapatsa injini mpweya wotsala pang'ono kuwirikiza kawiri umene ikadakoka yokha. Kuti mvukutowo usapitirire malire, pali kachitseko kotchedwa wastegate, kamene kamatseguka boost ikafika pa muyeso wake ndi kupatutsa utsi wina, monga mlimi wa mthirira apatutsa madzi m'ngalande kuti asakokolole bedi.

Amene adalembetsa nzeruyi ndi Alfred Büchi wa ku Switzerland, mu 1905, ndipo m'zaka za m'ma 1920 idayamba kugwira ntchito m'mainjini aakulu a dizilo a sitima za pamadzi. Koma umboni umene utikhudza ife okhala m'mapiri udaperekedwa mu 1918, pamene Sanford Moss wa kampani ya General Electric adakweza injini ya ndege yotchedwa Liberty paphiri la Pikes Peak ku America, mamita oposa 4,000. Injini imene m'chigwa inkatulutsa akavalo pafupifupi 350 idafooka kufika pa 230, koma atamangapo turbo idabwerera pa 356. M'magalimoto ang'onoang'ono turbo idalowa mu 1962, ndi Oldsmobile Jetfire ndi Chevrolet Corvair, nidzatchuka ndi Porsche 911 Turbo ndi Saab 99 Turbo m'zaka za m'ma 1970. Onani tsono kuti ntchito yake yoyamba pamtunda idali kubwezera injini mpweya umene phiri lidailanda. Za mipikisano zidadza pambuyo.

Kwathu kuno maturbo amafika ndi magalimoto ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan, kumene lamulo loyeza galimoto zaka ziwiri zilizonse limachititsa eni ake kugulitsa msanga. Amatsikira pa doko la Dar es Salaam, nayendetsedwa kudzera ku Morogoro ndi Iringa kufikira pa chipata cha Songwe, nadzera ku Karonga ndi kukwera Chiweta, kotero kuti Mzuzu ndiwo mzinda woyamba kuwalandira. Ambiri mwa maturbo amenewa ali m'magalimoto a dizilo a ntchito, monga Hilux ya D-4D, Prado ndi Isuzu, ndi m'malole onyamula malasha a ku Mchenga ndi matabwa a ku Chikangawa. Ochepa ndiwo ali m'magalimoto a liwiro, monga WRX ndi Mitsubishi Lancer Evolution, onse awiri obadwa mu 1992 chifukwa cha mipikisano ya m'misewu yafumbi, kapena Toyota Mark II ya injini ya 1JZ ndi Golf GTI. WRX yoyamba inkatulutsa akavalo 240 kuchokera m'malita awiri okha, ndiko kunena kuti amisiri a ku Japan adali ataifinya kale ndithu isanachoke kwawo.

Mkulu wa ku Luwinga uja adainyamula turbo ya m'katoni, naizungulitsa kagudumu ndi chala, naitembenuza kufuna dzina la amene adaipanga, ndipo atakhala chete nthawi ndithu adafunsa funso limene sindidaliyembekezere: "Mwana wanga, galimoto imeneyi uziyenda nayo kuti?" Mnyamata adati, "Konsekonse, adada; kuntchito, ku Karonga, nthawi zina ku Lilongwe." Pamenepo mkuluyo adamfotokozera chimene ogulitsa sanena, chakuti turbo yaikulu ndi yochedwa kudzuka. Kagudumu kake n'kolemera ndipo chigoba chake n'chotakasuka, motero imafuna utsi wambiri kuti iyambe kuvukuta. Pomwe yaing'ono ya ku fakitale imayamba kukankha injini isanafike maulendo 3,000, yaikulu ingathe kugona mpaka 4,500 kapena kupitirira. M'tauni, kuchokera pa Katoto kukafika kumsika waukulu, kumene munthu amaima ndi kunyamuka kosalekeza, galimoto yotereyi imakhala yaulesi kuposa mmene idalili kale. Ndipo pa makhoti a Chiweta, mvula itanyowetsa phula, mphamvu yonse imene idagona imadzuka nthawi imodzi pakati pa khoti, nthawi imene woyendetsa akufuna kudekha kwa matayala koposa china chilichonse. Turbo yaikulu adaipangira msewu wowongoka ndi injini yolira pamwamba, ndipo misewu ya chigawo cha kumpoto si yotero.

Palinso china chimene kukwera kwa malo kumachita. Popeza mpweya wa ku Mzuzu ndi wopepuka, turbo iyenera kuzungulira mwamphamvu koposa kuti ipatse injini mpweya wofanana ndi umene ikadaupeza ku gombe. Kumene kugombe ikadapanikiza kawiri, kuno iyenera kupanikiza kawiri ndi kachigawo pamwamba. Choncho imachedwa kudzuka koposa, imatentha koposa, ndipo munthu amene wangomanga wastegate kuti isatseguke, kapena kupotokola kachitsulo kake pofuna boost yambiri, angathe kuifikitsa pa liwiro limene mapiko ake sangapirire. Ndipo phiko likathyoka, zidutswa zake zimapita kumene mpweya umapita, ndiko m'kati mwa injini.

Koma nkhani yaikulu, imene mkulu uja adakhalapo nthawi yaitali, ndi ya mafuta. Walira mvula walira matope. Wofuna mpweya wochuluka wafunanso mafuta ochuluka, ndipo mafutawo ayenera kufika pa nthawi yake ndi pa muyeso wake. Manozo opopera petulo m'masilinda ali ndi malire awo, pampu ya m'thanki ili ndi malire ake, ndipo kompyuta ya injini, imene imalamula kuchuluka kwa mafuta ndi nthawi yoyatsira moto, idaphunzitsidwa ku fakitale za turbo yakale, yatsopanoyi siidziwa. Mpweya ukachuluka mafuta n'kuchepa, moto wa m'silinda umatentha mopyola muyeso. Utsi wa injini ya petulo yogwira ntchito yolemetsa umafika madigiri 900 ndi kupitirira, pomwe aluminiyamu amene amapangira mapisitoni amasungunuka pa madigiri osapitirira 660; chimene chimasunga pisitoni ndi kuzizira kobwera ndi mafuta okwanira, oyilo ndi madzi, ndipo chimodzi mwa izi chikaperewera, pamutu pa pisitoni pamabooka. Wosula aliyense adziwa kuti mnyamata wa pamvukuto akatengeka mtima navukuta mosaleka, khasu limapserera m'malo mofewa.

Choopsa chinzake n'chakuti petulo wopanikizidwa kwambiri ndi kutenthedwa amaphulika yekha nthawi yake isanakwane, nawomba pisitoni ikadali kukwera. Kumamveka ngati timiyala togwedezeka m'chitini, ndipo kukapitirira masekondi ochepa pa boost yaikulu kumaswa mphete za pisitoni ndi kuphwanya mabeyaring'i, kufikira tsiku limene anthu amati injini yanoka. Mphamvu ya petulo yokana kuphulika koteroko imayezedwa ndi nambala ya octane. Magalimoto a liwiro opangidwira msika wa ku Japan adawakonzera petulo wa kumeneko wa octane wofika pafupi ndi 100, pomwe ife timathira petulo wa mtundu umodzi amene tampeza pa pampu. Chotithandizako pang'ono ndi ethanol wa nzimbe, amene dziko lino lakhala likusakaniza ndi petulo kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa idayamba ntchito, ndipo pambuyo pake ya ku Chikwawa. Ethanol amakweza octane, ngakhale kuti lita yake ili ndi mphamvu yochepa kuposa ya petulo, kotero manozo ayenera kupopera wochulukirapo. Koma m'nyengo za kusowa kwa mafuta, monga tidaonera mu 2011 ndi 2012 ndiponso m'zaka zaposachedwapa, pamene anthu amagula petulo wa m'zigubu amene ena osaopa Mulungu amamsakaniza ndi parafini, injini wamba imangotsokomola n'kupitirira, pomwe injini yofinyidwa mpaka pamalire ake imafa pa chigubu chimodzi. Ndikhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu wokonza galimoto ya liwiro m'Malawi ayenera kuikonzera petulo woipitsitsa amene angakumane naye paulendo, osati wabwino amene amafuna atamapeza.

Mpweya nawo ukapanikizidwa umatentha, monga pampu ya njinga itenthera m'manja. Pa bar imodzi ya boost umatuluka m'turbo uli pa madigiri opitirira 100, ndipo mpweya wotentha ndi wopepuka, ndiponso ndi bwenzi la kuphulika kuja. N'chifukwa chake pakati pa turbo ndi injini amaikapo chozizira chonga rediyeta, chotchedwa intercooler. Chibowo chimene chili pa boneti ya Subaru, chimene ana amachiyesa chokongoletsera, ntchito yake n'kulowetsa mphepo pa intercooler imene ili pansi pake. Turbo ikakula, chozizirachi chiyenera kukula nayo. Kuzizira kwa Mzuzu m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumabisa zolakwa zambiri, ndipo galimoto imaoneka yamphamvu ndi yathanzi. Zolakwazo zimadzaululika mu Okutobala, pokwera kuchokera kunyanja dzuwa lili paliwombo.

Za oyilo ndinene mwachidule, ngakhale ndizo zimapha maturbo ambiri kuposa liwiro. Kashafiti kaja sikakhudza chitsulo chinzake; kamayandama pa oyilo wopyapyala kuposa tsitsi, amene amafika kudzera m'kapaipi kakang'ono. Oyilo akakalamba, akakhala wachinyengo, kapena kapaipiko kakatsekeka ndi mwaye, turbo imatha m'mphindi zowerengeka. Munthu akafika pamwamba pa mtunda nazimitsa injini pomwepo, oyilo amaleka kuyenda pomwe chigoba chikadali chofiira, ndipo wotsalira m'katimo amapserera nasanduka makala; mankhwala ake n'kungoisiya injini ikulira pang'onopang'ono mphindi imodzi kapena ziwiri. Fumbi nalo ndi mdani. Anyamata amakonda kuchotsa bokosi la fyuluta la ku fakitale ndi kuikapo kafyuluta koonekera kuti kamluzu kamveke bwino. Koma pa msewu wa ku Usisya kapena wa ku Nyika, fumbi lolowa pamenepo limadya mapiko a aluminiyamu monga mchenga udyera mpeni.

Eni magalimoto a dizilo asayese kuti nkhaniyi siikuwakhudza. Land Cruiser ya injini ya 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, imene yanyamula odwala ndi aphunzitsi m'misewu ya Mzimba, Rumphi ndi Chitipa kwa zaka zambiri, ilibe turbo, ndipo ambiri amene adatopa ndi kukwawa kwake pamtunda amalingalira zoimangira. Zimatheka, ndipo ena adachita bwino. Koma tiyenera kukumbukira kuti pamene a Toyota adafuna injini ya turbo ya kukula komweko, ndiyo 1HD-T, sadangomanga mvukuto pa 1HZ, koma adasintha mapisitoni, nasintha kapoperedwe ka dizilo, natsitsa kupanikiza kwa m'silinda kuchoka pa 22 kufika chapakati pa 18 ndi 19. Woika turbo pa 1HZ akhutire ndi boost yochepa, yongobwezera chimene phiri lidalanda, ndipo aike geji yoonetsa kutentha kwa utsi patsogolo pake. Pa dizilo choopsa chimabwera mbali ina: ndi mafuta ochuluka amene amatentha injini. Utsi wakuda umene anyamata ena amanyadira akapotokola pampu ndi dizilo wosapsa, ndalama zotayidwa mumsewu, mwaye wolowa m'mapapo a amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa njira, ndiponso chizindikiro chakuti mutu wa injini uli pafupi kung'aluka, monga eni Prado ndi Surf za injini ya 1KZ ambiri adaphunzirira ndi misozi.

Kodi tsono ntchitoyi imachitika bwanji ikamachitika moyenera? Mkulu uja adati amayamba n'kuyeza thanzi la injini, silinda iliyonse payokha, pakuti injini imene yayenda makilomita 200,000 ili ngati thumba lakale, limene ukalisokerera chigamba cholimba limang'ambikira pambali. Kenaka amafufuza mapaipi onse a mpweya, chifukwa magalimoto ambiri amene eni ake amati afooka amangotaya boost pa paipi yong'aluka kapena chomangira chomasuka. Akatero amakonza zoziziritsa, ndiye mafuta, pampu ndi manozo, ndiye njira ya utsi. Ndipo turbo imadza pomalizira, yosankhidwa molingana ndi kukula kwa injini ndi misewu imene idzayendemo, kawirikawiri yongokulirapo pang'ono, kapena yakale yomweyo itaikidwa kagudumu kokulirapo m'chigoba chake. Mayina odalirika ndi odziwika, monga Garrett, IHI, BorgWarner ndi Mitsubishi. Koma msika wadzaza ndi zofanizira zotsika mtengo, zonyezimira kunja, zimene tigudumu take sitidayezedwe kulemera kwake mbali zonse, ndipo pa maulendo 150,000 kachilema kosaoneka ndi maso kamagwedeza kashafiti mpaka kudya nyumba yake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ya m'katoni ija idalibe dzina paliponse.

Chomaliza, chimene chili chovuta koposa kwa ife, ndi kuphunzitsanso kompyuta. Ku Johannesburg, mzinda umene uli pamwamba kuposa Mzuzu, pa mamita pafupifupi 1,750, amisiri adazolowera kukonzera injini mpweya wopepuka. Ali ndi makina otchedwa dyno, pamene galimoto imamangidwa ndi malamba matayala ake akuzungulira pa migolo yachitsulo, ndipo katswiri amasintha mafuta ndi moto pang'onopang'ono akumvetsera injini ndi zipangizo, ndipo wofuna kuyesa liwiro amapita ku bwalo lotchingidwa monga la Tarlton. Kwathu makina otere ndi osowa, ndipo m'malo mwake anyamata amatenga mapulogalamu pa intaneti, olembedwera galimoto ina, petulo wina ndi dziko lina, nawathira m'kompyuta ya galimoto ngati mankhwala a mnzako amene wamwa chifukwa nayenso ankadwala mutu. Anyamata otuluka ku Mzuzu Technical College ndi m'masukulu ena a ntchito zamanja ali ndi mitu yabwino ndi manja aluso, ndipo ndimalakalaka tsiku limene mmodzi wa iwo adzaimike makina oterowo ku Luwinga. Adzathandiza eni malole ndi maminibasi kuposanso a liwiro, pakuti injini yoyezedwa bwino imamwa mafuta ochepa.

Tisaiwale kuti mphamvu yochokera m'injini iyenera kudutsa pa kilachi, m'giyabokosi ndi m'matayala isanafike pansi, ndipo chilichonse mwa ziwalo zimenezi chidapangidwira katundu wa muyeso wake. Chiwalo chimodzi chikakula chokha, thupi lonse limavutika nacho. Koma chimene chimandilemera mumtima ndi mabuleki. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira suwirikiza kawiri, umawirikiza kanayi. Galimoto imene ikadaima pa mamita 15 imafuna mamita 60. Msewu wa M1 si bwalo la mpikisano. Ndi njira ya ana a sukulu a ku Ekwendeni, ya anyamata a Sacramento opalasa njinga atanyamula amayi ndi makanda awo, ya ng'ombe za ku Mzimba, ya malole a matabwa oima m'nkhungu ya Chikangawa opanda nyali kumbuyo. Nkhuyu zodya mwana zidapota akulu, ndipo ine ndaimapo pa maliro okwanira kuti ndinene mosabisa kuti ndalama yoyamba ya munthu wofuna liwiro ipite ku mabuleki ndi matayala. Ayeneranso kudziwitsa a inshuwalansi ndi a ofesi yoona za pamsewu za kusintha kwakukulu kulikonse, kuti mapepala a galimoto anene zoona za galimotoyo.

Mwana wa mlongo wanga adatuluka m'galajamo nkhope ili yakugwa, katoni ili kukhwapa, ndipo njira yonse yobwerera ku Chibavi sadanene kanthu. Patapita sabata adabwerera yekha kwa mkulu uja. Adapeza paipi ya intercooler yong'aluka pansi pomwe diso silifika, rediyeta yotsekeka theka ndi dzimbiri, ndi kapaipi ka oyilo kodzaza mwaye. Atakonza zimenezi, nagula matayala anayi atsopano ndi mabuleki, turbo yakale ya ku fakitale idayambanso kuimba monga idaimbira ku Japan, ndipo mnyamatayo adavomera kuti mphamvu imene ankaifuna m'katoni idali m'galimoto momwemo, ikungotayikira panjira. Maganizo okulitsa turbo sadawataye. Akusunga ndalama za pampu ndi manozo, ndipo akufunsafunsa za yokulirapo pang'ono yokhala ndi dzina.

Mwezi wathawu tidachokera limodzi ku Karonga, titanyamula matumba awiri a mpunga wa kilombero. Tidakwera Chiweta dzuwa likupendeka, nyanja ikutsalira m'munsi kumanzere, kamluzu kakukwera ndi kutsika pa khoti lililonse. Ndipo titafika pamwamba adapatukira pambali kuti tigule nthochi. Ine ndidatsegula chitseko n'kutsika, koma iye adakhalabe pampando, dzanja lili pa kiyi, maso ali pa wotchi, injini ikulira pansipansi, kufikira mphindi ziwiri zidakwana.